GALU WATHU DEKHANI

Kumudzi kumene ife tinakulira, galu analibe malo m'nyumba. Ankagona pakhonde kapena pansi pa nkhokwe, ankadya mkute woponyeredwa chapatali, ndipo akayerekeza kusuzumira pakhomo ankalandiridwa ndi chikuni. Palibe amene ankaona cholakwika pamenepo, pakuti bwalo linali lalikulu, tchire linali pafupi, ndipo galu ankadziwa yekha kokadzithandiza. Maganizo omwewo tinabwera nawo ku Lilongwe, ndipo tinakhala nawo zaka zambiri kuno kwa Mtsiliza, kufikira pamene kagalu kena kanatisonyeza kuti nzeru zina za kumudzi zimafuna kuziunikanso munthu akafika m'tauni.

Aliyense amene anafikapo kwa Mtsiliza akudziwa kuti kuno malo ndi osowa. Chiyambire 1975, pamene Lilongwe anasanduka likulu la dziko lino, anthu akhala akukhamukira mumzinda uno kudzafuna ntchito, ndipo ambiri amene sangathe kulipira nyumba za ku Area 47 amadzapeza pogona kuno kapena ku Mtandire. Nyumba zathinana kotero kuti munthu akatsokomola kuchipinda kwake usiku, wa nyumba inayo amamufunsa m'mawa ngati wapezako bwino. Ife timachita lendi nyumba ya zipinda zitatu, mumpanda umodzi ndi mabanja ena awiri. Chimbudzi ndi chimodzi, dzala ndi limodzi, chingwe choyanikira zovala ndi chimodzi, ndipo madzi timagula pa kiyosiki, ndowa iliyonse ndi mtengo wake. Pamalo otere, chimene galu wako wachita sichikhala nkhani ya iwe wekha.

MMENE ANABWERERA

Poyamba tinali ndi galu wamkulu amene ankagona panja monga mwa chizolowezi. Usiku wina m'chaka cha 2021 akuba anaponya mumpanda nyama yothira mankhwala a makoswe aja otchedwa Temik. Kutacha tinapeza galu atauma pakhonde, thovu lili kukamwa, njinga yathu ndi mapoto a anansi zitapita. Njinga ija tinaiwala msanga, koma ana anamlira galuyo sabata yathunthu, ndipo ife akuluakulu tinalumbira chamumtima kuti sitidzawetanso galu.

Lumbiro limeneli linatha m'mwezi wa Juni 2022, pamene mzime wathu, mnyamata wa zaka 12, anatulukira madzulo ena atanyamula katoni. M'katimo munali kagalu kofiirira, kokwana m'manja awiri, kamimba kali tuu, utitiri uli yakaliyakali. Anakagula kwa mnyamata wina wogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu, ndi ndalama zimene ankasunga m'chitini chiyambire Khirisimasi. Pambuyo pake tinamva kuti mwana wa galu sayenera kulekanitsidwa ndi make asanakwane masabata 8, pamene kathuka kanali ka masabata ngati 6 okha. Inu mukudziwa mmene chisanu cha Juni chimalasira ku Lilongwe. Kukasiya panja kukanakhala kukapha, ndipo kukabweza kunalibe kobwezera. Tinagwirizana kuti kazigona m'nyumba.

Agogo, amayi awo a mayi a panyumba pano, amene timakhala nawo, anangogwira pakamwa. "Galu m'nyumba? Ana inu, kodi mwasanduka azungu?" Komabe ndi iwo omwe amene anakatcha dzina. Paja mwa Achewa dzina la galu silikhala lopanda mawu. Munthu amene ali ndi chakukhosi ndi mnansi wake amatcha galu dzina loti akamamuitana pabwalo, mnansiyo azidzimvera yekha. Kwathu kunali galu wotchedwa Lekaninjiru, ndipo mudzi wonse unkadziwa amene ankanenedwa. Tsono agogo atati, "Ameneyu ndi Dekhani," ife tinaseka, poganiza kuti akulasa mayi wina wa mumpanda mwathu amene sachedwa kupsa mtima. Tinali tisanadziwe kuti muviwo unali kulunjika ife eni.

PATAPATA SANAPHUNZITSE KANTHU

Masabata oyamba anali owawa. M'mawa uliwonse tinkadzukira kukolopa: apa mkodzo, apo chimbudzi, pena pamphasa penipeni. Choopsa koposa chinali chakuti m'nyumbamo munali mdzukulu wathu wa miyezi 8, mwana wa chisamba wathu wamkazi amene mwamuna wake ali kuntchito ku Johannesburg. Mwanayo anali atangoyamba kukwawa, ndipo khanda lokwawa chilichonse chimene lagwira chimathera kukamwa.

Tinachita chimene tinkaona ena akuchita. Tikapeza pamene waipitsa, tinkamukokera pomwepo, kumukhudzitsa mphuno, ndi kumuthyapa ndi patapata kwinaku tikukalipa. Tinkati akamva kuwawa adzaleka. Inde, analeka, koma chimene analeka ndicho kuchita ife tikuona. Anayamba kukabisala kuseri kwa kabati, pansi pa bedi la agogo, ndi kumbuyo kwa thumba la ufa, malo amene munthu amawazindikira ndi mphuno patapita masiku awiri. Kuwonjezera apo, munthu akangotukula dzanja, ngakhale pofuna kudzikanda kumutu, Dekhani ankanyonyomala, mchira pakati pa miyendo, mkodzo n'kumatuluka chifukwa cha mantha. Tikamutulutsa panja ankangotiyang'ana osachita kanthu, pakuti anali ataphunzira kuti kudzithandiza pamaso pa munthu kumabala patapata.

Manyazi aakulu anatigwera kumapeto kwa Julaye, pamene asewere athu anabwera kuchokera ku Dowa kudzaona mdzukulu. Tinawaphera tambala, monga kuyenera. Chakudya chitayalidwa pamphasa, alendo akusamba m'manja, Dekhani anatulukira pansi pa mpando ngati mphezi, n'kutola chinthu chimodzi m'mbale ya ndiwo, n'kuthawa nacho. Chimene anatolacho inali nthutumba. Owerenga achinyamata mwina sadziwa kulemera kwa nkhani imeneyi, koma makolo akudziwa: nkhuku ya mlendo yopanda nthutumba ndi nkhuku yosakwanira. Asewere anangoti, "Musadandaule, nafenso tili ndi agalu kwathu." Koma nsima ija anangoitsina pang'ono, ndipo ife tinalakalaka nthaka ikanang'ambika.

Sabata yotsatira, eni nyumba anabwera kudzatenga lendi. Anansi anali atawauza kale kuti ana awo akuponda zonyansa pafupi ndi chingwe cha zovala. Mkuluyo analowa pabalaza, nakoka mpweya kamodzi, ndipo nkhope yake inanena zonse. "Bambo," anatero, "ine sindidana ndi galu, ndipo chichokere wanu uja akuba atizolowera mumpanda muno. Koma nyumba iyi ndi imene idzandisunge paukalamba wanga. Ndikupatsani mpaka kutha kwa Sepitembala. Ndikadzapezanso fungo ili, musankhe: galu kapena nyumba." Kupeza nyumba ina ya zipinda zitatu pamtengo umene tinkalipira sikukanatheka. Usiku umenewo tinamva mzime wathu akulira mwakachetechete m'bulangete, galu atamukumbatira.

APHUNZITSI ASANU

Chapafupi nafe pamakhala mkulu wina amene anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto zaka zambiri asanapume. Tinapita kwa iye tikuyembekezera kuti atiuza mankhwala, kapena atilangiza kakwapulidwe kabwino. M'malo mwake anabwera kunyumba, nakhala pampando, nayamba kufunsa mafunso amene sanali okhudza galu koma ife. Amadya nthawi yanji? Amamutulutsa ndani? Mumamuuza mawu oti chiyani? Amagona pati?

Funso lililonse linali ndi mayankho asanu. Mnyamata ankamulola kugona pabedi, pamene mlongo wake ankamuthamangitsa kuchipinda koma n'kumamuponyera minga ya nsomba pakudya. Agogo ankakuwa kuti "Choka!", mayi ankati "Tuluka!", bambo ankangomenya phazi pansi. Chakudya ankalandira pamene wina wakumbukira. Mkulu uja anaseka mpaka kupukuta misozi. "Galuyu alibe mlandu," anatero. "Ali ndi aphunzitsi asanu, ndipo aliyense akuphunzitsa zakezake. Ngakhale mwana wa munthu angalephere mayeso pasukulu yotere."

Kenaka anatifotokozera zinthu zinayi zimene sitinaiwale mpaka lero, ndipo tikuzilemba pano kuti zithandize ena.

Choyamba ndi thupi la galuyo. Kagalu kakang'ono sikangathe kusunga mkodzo nthawi yaitali, monga momwe khanda silingathere. Oweta agalu ali ndi kawerengedwe kongoyerekeza: tengani miyezi ya kagaluko, muwonjezerepo chimodzi, ndipo amenewo ndiwo maola amene kangapirire. Dekhani, wa miyezi 3, sakanatha kupitirira maola ngati 4, koma ife tinkatseka chitseko 8 koloko usiku ndi kutsegula 5 koloko m'mawa. Tinkamumenya chifukwa cha chinthu chimene thupi lake silikanatha.

Chachiwiri ndi kaganizidwe kake. Galu amalumikiza zinthu zimene zachitika pa nthawi imodzi. Mkuluyo anatikumbutsa za Ivan Pavlov, katswiri wa ku Russia amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wake wa kagayidwe ka chakudya m'mimba. Iye anaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha dovu akangomva phokoso limene anazolowera kulimva chakudya chisanabwere, ngakhale mbale isanaoneke. Chotero galu amaphunzira mwa kubwerezabwereza kwa zinthu zoyenda pamodzi. Ukamumenya m'mawa chifukwa cha chimene anachita pakati pa usiku, iye sangathe kulumikiza ziwirizo. Chimene amalumikiza ndi ichi: munthu uyu akadzuka, pamabwera ululu. Nkhope ija imene ife tinkati ndi ya wodziwa kulakwa kwake, inali nkhope ya mantha chabe.

Chachitatu ndi mphuno. Galu amabwerera pamene pali fungo la mkodzo wake, ndipo amalimva ngakhale pamene munthu akuti payera. Kukolopa ndi madzi okha kumangofalitsa fungolo. Anatilangiza kuyamba taumitsa ndi chisanza, kenaka kutsuka ndi sopo, ndi kutsiriza ndi viniga wosakaniza ndi madzi.

Chachinayi ndicho chinatipatsa chiyembekezo: mwachibadwa galu safuna kuipitsa pamene amagona. Akakhala ndi pogona pakepake, pochepa bwino, amayesetsa kupirira, ndipo zikamuvuta amalira kuti atuluke. Ntchito yathu inali kumva kulirako.

M'MERA M'POYAMBA

Madzulo omwewo tinakhala pansi banja lonse, agogo omwe, ndi kupangana malamulo. Pakona ya pabalaza tinaika katoni yaikulu yoyalamo chiguduli, ndi kutchinga ndi thabwa kuti usiku asamayendeyende. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala, kutali ndi chingwe cha zovala ndi poseweretsa ana, tinasankha malo amodzi odzithandizira. Tinatengerako chisanza chija chonunkha mkodzo wake kuti mphuno yake imutsogolere. Tinagula kafosholo, ndipo chimbudzi chake chinkakwiriridwa nthawi yomweyo. Pa mawu onse aja tinasankhapo amodzi okha, akuti "Panja."

Chakudya chinakhala cha nthawi zoikika: m'mawa, masana ndi madzulo, m'mbale yake, pamalo amodzi. Inali nsima ya mgaiwa yofewa yosakaniza ndi bonya wophika, wopanda mchere ndi anyezi, pakuti anyezi amaononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku yophika tinaletsa chifukwa amasweka ngati singano ndipo angathe kulasa matumbo. Ikapita mphindi 15, mbale inkachotsedwa, kaya watsiriza kaya ayi. Madzi akumwa ankakhalapo tsiku lonse. Cholowa pa nthawi yake chimatulukanso pa nthawi yake, ndipo posakhalitsa tinadziwa kuti akadya, sipapita nthawi yaitali asanayambe kununkhiza pansi ndi kuzungulirazungulira. Chimenecho ndicho chizindikiro. Tinkamutulutsa akangodzuka, akangodya, akatha kusewera, ndi tisanagone.

Chovuta kwa ife akuluakulu chinali kuyamikira. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuimirira kuseri kwa nyumba mbandakucha, akunjenjemera ndi chisanu, kudikira kagalu kuti kakodze, kenaka n'kumati, "Wachita bwino, Dekhani!" ndi kukapatsa kausipa kamodzi kochokera m'thumba la jekete: anansi anationa, ndipo anatiseka. Koma mkulu uja anatsindika kuti mphotho iperekedwe pomwepo, asanasunthe, kuti alumikize ziwirizo. Anatinso tikamupeza ali m'kati moipitsa m'nyumba, tiombe m'manja kamodzi, timunyamule kupita naye kumalo ake, ndipo akatsirizira kumeneko timuyamikire. Tikapeza atachita kale, tikolope mwakachetechete, pakuti wolakwa ndi amene sanamutulutse.

Za usiku tinamuuza mnyamata mosabisa kuti wobweretsa galu ndiye mwini ntchito. Wotchi inkalira 1 koloko, ndipo iye ankadzuka ndi tochi, bambo ake ataima pakhomo chifukwa usiku wa m'tauni sumadziwika. Masiku atatu oyamba anadzuka mokondwa. Tsiku lachinayi anadzikulunga m'bulangete nanena kuti mutu ukumupweteka. Sitinamukalipire. Tinangomufunsa kuti, "Kodi eni nyumba tikawauze kuti tasankha nyumba?" Anadzuka. Galu akamakula, wotchi inkasunthidwa pang'onopang'ono, kufikira pamene sinafunikenso.

Sitinganame kuti zonse zinayenda myaa. Panali tsiku lina pamene mmodzi wa ife, amene sitimutchula pano, anaponda ponyowa ndi phazi losavala akuthamangira kuntchito. Anatola patapata, nakuwa ndi mawu onse kuti, "Dekhani!" Agogo ali kuchipinda anayankha modekha kuti, "Mwamva, mwana wanga, zimene mwanenazo?" Patapata uja anabwerera pansi. Pamenepo m'pamene tinazindikira mwini wake weniweni wa dzina lija. Munthu sangathe kuitana galu ameneyu ali wokwiya popanda kudzilangiza yekha.

MAKHALIDWE A M'NYUMBA

Nkhani ya chimbudzi itayamba kulongosoka, tinatembenukira ku mlandu wa nthutumba. Tinawonjezera mawu atatu. "Pako" ankatanthauza kuti apite pachiguduli chake. "Siya" kuti aleke chimene wagwira kapena akufuna kugwira. "Bwera" kuti afike pamene pali womuitana. Mawu alionse tinkawaphunzitsa kwa mphindi zochepa patsiku, ndi kausipa m'manja, pakuti kagalu kamatopa msanga ngati mwana wa Sitandade 1.

Lamulo la pakudya linali lolimba: anthu akamadya, galu ali pake, ndipo palibe woponya kanthu. Iye ankalandira chakudya chake ife tisanayambe, kuti asatiyang'ane ndi njala. Wovuta kumuphunzitsa pamenepa sanali galu ayi, koma mwana wathu wamkazi, amene mtima wake wachifundo sunkapirira maso opempha aja. Tinamufotokozera kuti nyenyeswa imodzi yoponyedwa Lachitatu imafafaniza maphunziro a sabata yonse, pakuti galu amene anapatsidwapo kamodzi amayesabe kakhumi. Mawu akuti "Siya" tinawalimbikira koposa pokumbukira imfa ya galu wathu woyamba. Tinkaika chakudya pansi, ndipo akachisiya tinkamupatsa china chokoma kuposa kuchokera m'manja. Sitikunena kuti galu wophunzitsidwa chotere sangadye nyama ya akuba; njala ndi fungo zili ndi mphamvu. N'chifukwa chake mpaka lero Dekhani amagona m'nyumba. Munthu akakhudza chipata amauwa ali m'kati, ndipo mpanda wonse umadzuka.

Kudumphira alendo tinakuthetsa ndi njira yooneka yopusa koma yogwira ntchito. Akadumpha, munthu ankatembenuka, osamuyang'ana, osamulankhula, ngakhale kumukankha, pakuti kwa galu kukankhidwa ndi masewera. Miyendo yonse inayi ikakhala pansi, pamenepo ankapatsidwa moni. Kutafuna zinthu kunatidyera nsapato imodzi ya sukulu ndi mpini wa chipande. Tinamva kuti kagalu kamagulula mano aukhanda kuyambira miyezi ngati 4 kufikira 6 kapena 7, ndipo nkhama zimakanyerenyesa. Tinamupatsa chingwe chokhuthala chomanga mfundo, ndipo nsapato tinayamba kuziika pamwamba. Mwa njira imeneyi galu anaphunzitsa mnyamata chimene mayi ake analephera kwa zaka zisanu.

Za mdzukulu tinaika malamulo awiri osasinthika: khanda ndi galu asasiyidwe okha m'chipinda ngakhale mphindi imodzi, ndipo mwana asamukhudze galu pamene akudya kapena ali mtulo. Galu wofatsa ndi galu ndithu. Khanda likamukoka khutu, iye alibe mawu odandaulira koma mano.

KATEMERA NDI NJOKA ZA M'MIMBA

Munthu amene walowetsa galu m'nyumba wasenzanso udindo wa umoyo wa banja lake ndi wa anansi. Mimba yotupa ija inali ya njoka, ndipo mazira a njoka zimenezi amatuluka ndi chimbudzi n'kukhala m'dothi nthawi yaitali, momwe ana amasewera ndi kudya dothi. Dekhani analandira mankhwala a njoka ndi a utitiri, ndipo amalandirabe pakapita miyezi itatu iliyonse. Wogwira galu amasamba m'manja ndi sopo asanakhudze chakudya.

Choopsa kuposa zonse ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati nthenda imeneyi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse omwalira, anayi amakhala ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewo amaitenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, palibe mankhwala ochiza. Komatu njira yoipewera inapezeka kalekale: mu 1885 Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa ndi katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe. Tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 Sepitembala, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe chiyambire 2007.

Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akalandira katemera, nthendayi imasowa podutsa. Ku Blantyre, mu 2015, bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 m'masabata ochepa. Kuno ku Lilongwe, bungwe losamalira nyama la LSPCA, limene linayamba mu 2008, lakhala likuthandiza pa katemera ndi kufula agalu, pamodzi ndi a zaziweto a boma. Galu amayamba kulandira katemera wa chiwewe akakwana miyezi 3. Dekhani analandira wake mu Ogasiti, ndipo chikalata chake timachisunga pamodzi ndi makadi a sikelo a ana. Makolo, uzani ana anu kuti galu akawaluma kapena kuwakanda asabise poopa kukalipiridwa. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

KUTHA KWA SEPITEMBALA

Eni nyumba anasunga mawu awo. Anafika Loweruka lomaliza la mwezi, osatumiza uthenga. Dekhani anauwa kawiri, mnyamata anati "Pako," ndipo galu anapita kukagona pachiguduli chake, mutu pamiyendo. Mkuluyo anakhala pampando, nakoka mpweya monga poyamba, nayang'ana m'makona. Tinawapatsa tiyi ndi mbatata, ndipo mbale inakhala patebulo laling'ono pamaso pa galu mpaka inatha. Ali m'kati mocheza, Dekhani anadzuka, napita pachitseko, nachikanda kamodzi, natembenuka kutiyang'ana. Mnyamata anatsegula. Eni nyumba anatsatira ndi maso mpaka galu anakhota kuseri kwa nyumba. Za nyumba sananenepo kanthu. Potsazika anangofunsa kuti, "Kodi akadzabala, mudzandisungirako kamodzi?" Tinawauza mwaulemu kuti Dekhani ndi wamwamuna.

Mvula itayamba mu Disembala, galu wathu anabwerera m'mbuyo pang'ono, pakuti sankafuna kuponda matope. Kale tikanatola patapata. Ulendo uno tinangoyambiranso monga pachiyambi, ambulera m'dzanja limodzi, kausipa m'dzanja linalo, ndipo pasanathe masabata awiri zinalongosoka. Asewere anabweranso pa Chaka Chatsopano, ndipo nthutumba inafika kwa mwini wake.

Inu achinyamata amene mumalakalaka galu, dziwani kuti mtengo wake weniweni si ndalama zija mumapereka m'mbali mwa msewu. Mtengo wake ndi tulo ta 1 koloko, kafosholo m'manja, ndi zaka khumi kapena kuposerapo za kumudyetsa ndi kumutemeretsa. Ngati simungathe zimenezi, musiyeni kwa make.

Ndipo ife makolo, tinatuluka m'nkhani imeneyi ndi funso limene silikhudza galu yekha. Usiku wina, nyumba ili zii, tinakumbutsana mmene Dekhani ankabisalira kuseri kwa kabati, ndipo tinafunsana: kodi ndi zingati zimene ana athu anaphunzira kutibisira, ife tikuyesa kuti analeka? Ndi kangati bambo analetsa chimene mayi analola dzulo lake? Ndi liti pamene tinatsiriza kunena kuti "Wachita bwino" kwa mnyamata amene timamuona msanga akalakwa? Mwana si galu. Iye ali ndi nzeru, chikumbumtima ndi mawu, ndipo amafuna kumufotokozera chifukwa cha lamulo lililonse. Koma ngati nyama yopanda mawu imasokonezeka pakhomo pamene akulu sagwirizana, nanga bwanji mwana amene amaona ndi kumva zonse?

Agogo, amene anafunsa ngati tasanduka azungu, masiku ano amawothera dzuwa pakhonde, galu atatsamira mapazi awo. Amanenabe kuti kumudzi zotere kulibe. Koma mawu akayamba kukwera m'nyumba, kaya pakati pa ana kaya pakati pa ife akuluakulu, iwo salowerera mkangano. Amangoweramira pansi, n'kusisita galu pamutu, n'kumuitana dzina lake mokweza pang'ono kuti tonse timve.